Vuto Likakhala mu Code Imene Sitinalembe

Mu Okutobala 2021 kunatuluka Node.js 17, ndipo ambiri mwa opanga mapulogalamu a pa intaneti amene anafulumira kuiika pa makompyuta awo anagwira njakata. Ntchito imene dzulo lake inkayenda bwinobwino inangokana kudzuka. Pa sikirini pankatsika mizere yambirimbiri, ndipo pakati pake panali mawu akuti "error:0308010C:digital envelope routines::unsupported". Kwa munthu amene akungopanga tsamba losonyeza mitengo ya katundu, kapena fomu yolembetsera ana kusukulu, mawu amenewa alibe mutu. Iye sanagwirepo chilichonse chokhudza kubisa mauthenga, ndipo mu code yake sanasinthemo ngakhale chilembo chimodzi.

Gwero lake linali kutali. Pali chida chotchedwa webpack, chimene chimasonkhanitsa mafayilo a JavaScript n'kuwakonza kuti browser iwawerenge mosavuta. Webpack 4 inkagwiritsa ntchito njira yakale ya masamu yotchedwa MD4 popatsa mafayilo zizindikiro zowasiyanitsa. MD4 anaipanga ndi Ronald Rivest mu 1990, ndipo akatswiri anazindikira kalekale kuti pa nkhani ya chitetezo ndi yofooka. Webpack sinkaifunira chitetezo ayi, inkangoikonda chifukwa ndi yachangu. Koma MD4 imeneyo webpack inkaipempha kwa Node.js, nayo Node.js inkakaitenga ku OpenSSL. Tsono OpenSSL 3.0 itatuluka mu Seputembala 2021, njira zakale ngati MD4 anaziika pambali, kuti wozifuna azichita kuzitsegula dala. Node.js 17 inabwera ndi OpenSSL yatsopanoyo. Magulu atatu onsewa, lililonse linachita chinthu chomveka pa ntchito yake, koma amene anavutika ndi munthu wachinayi amene dzina loti MD4 anali asanalimvepo n'komwe. Vutoli linafala kwambiri mu 2022, anthu atayamba kusamukira ku Node.js 18 pomwe mapulojekiti awo opangidwa ndi Create React App 4 anali akadali pa webpack 4.

Njira zotulukira zinalipo ziwiri. Imene inatchuka inali kuwonjezera mawu akuti --openssl-legacy-provider poyendetsa Node.js, kutanthauza kuti njira zakale zija zitsegulidwenso. Mphindi imodzi yokha, ntchito yadzuka. Inayo inali kusamukira ku webpack 5 yatsopano, ntchito yotha kudya tsiku lathunthu ngakhale sabata. Sindiona cholakwa kusankha njira yachiduleyo ngati mawa m'mawa pali ntchito yoti iperekedwe kwa mwini wake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene mawu otere amalowera m'mapulojekiti athu: munthu amawakopera pa intaneti osadziwa chimene watsegula, salemba paliponse chifukwa chake, ndipo wobwera m'mbuyo mwake amawapeza mu package.json n'kumaopa kuwachotsa.

Maganizo anga pa nkhani yonseyi ndi akuti code timatha kubwereka, koma zochita zake zikalowa mu pulogalamu yathu zimakhala pamutu pathu. Mayi amene walephera kulipira fizi pa webusaiti ya sukulu sadziwa webpack, ndipo safunika kuidziwa. Iye amadziwa kuti webusaiti yakana. Choncho amene analemba npm install ndi amene ayenera kudziwa, mwina osati zonse, koma zokwanira kuti zinthu zikathina athe kuloza pamene pali vuto. Malo ake ndi atatu basi: code yathu, laibulale imene tabwereka, ndi pansi pamene zonsezi zaima, monga Node.js, browser, database kapena seva. Ntchito yaikulu pofufuza vuto ndi kupeza kuti mwa malo atatuwa ndi ati, ndipo nthawi yambiri imatayika chifukwa chogamula msanga.

Chovuta choyamba n'chakuti katundu amene tasenza sitimudziwa kuchuluka kwake. Munthu amasankha malaibulale khumi, koma lililonse mwa iwo limadalira ena, enawo amadaliranso ena, mpaka mu node_modules mumapezeka mazanamazana. Pa 22 Malichi 2016 dziko la JavaScript linaphunzira zimenezi tsiku limodzi. Azer Koçulu anali atasemphana ndi kampani ya Kik pa dzina la laibulale yake ina yotchedwa kik, ndipo oyang'anira npm atapereka dzinalo kwa kampaniyo, iye anachotsa malaibulale ake onse, oposa 250. Pakati pake panali left-pad, ya mizere 11 yokha, imene ntchito yake inali kuwonjezera mipata kapena maziro kumanzere kwa mawu. Babel, chida chimene mapulojekiti osawerengeka amadalira, inkagwiritsa ntchito laibulale ina imene inkadalira left-pad. Kwa maola opitirira awiri, anthu m'mayiko ambiri ankalephera kupanga install, mpaka npm inabwezeretsa left-pad yokha n'kukhwimitsa malamulo ochotsera malaibulale. Ambiri mwa amene ntchito yawo inaima tsiku limenelo sanasankhepo left-pad. Inalowa m'pulojekiti yawo kudzera mwa ena.

N'chifukwa chake funso loyamba pamene chinthu chimene chinkayenda chaleka liyenera kukhala lakuti, kodi chasintha n'chiyani? Yankho loti palibe chasintha silikhala loona. Ngati code yathu ndi yomweyo, ndiye kuti chasintha chili mu laibulale kapena pansi paja.

Apa m'pamene manambala a version amafunika kuwamvetsa. Malaibulale ambiri amatsatira dongosolo la manambala atatu, monga 1.4.0. Nambala yomaliza ikakwera, ndiye kuti angokonza zolakwika. Yapakati ikakwera, awonjezera zatsopano osawononga zakale. Yoyamba ikakwera, akuchenjeza kuti zina zimene unazolowera sizigwiranso ntchito. Tikapanga install, npm imalemba kachizindikiro ka ^ patsogolo pa nambala, ndipo kachizindikiro kameneka kamalola kuti tsiku lina ibweretse 1.4.1 kapena 1.9.0 osatifunsa. Dongosololi ndi labwino, koma ndi lonjezo chabe la munthu, ndipo palibe makina amene amamukakamiza kulisunga. Nthawi zambiri lonjezolo limasweka mwangozi, wolemba laibulale atakonza kanthu kamene sankadziwa kuti ena amadalira kulakwika kwakeko. Nthawi zina limasweka mwadala. Mu Januwale 2022 Marak Squires, amene kale anali atadandaula kuti makampani akuluakulu akudyerera ntchito yake osamulipira, anatulutsa colors 1.4.1 yokhala ndi code yongozungulira osatha, n'kumalavula zilembo zopanda tanthauzo pa sikirini. Laibulaleyi inkatengedwa maulendo oposa 20 miliyoni pa sabata. Aliyense amene anali ndi ^1.4.0 ndipo anapanga install yatsopano popanda chomuteteza, anailandira.

Chomutetezacho chilipo kuyambira 2017, pamene npm 5 inabweretsa fayilo ya package-lock.json. Fayiloyi imalemba version yeniyeni ya laibulale iliyonse, kuphatikizapo aja olowa kudzera mwa ena. Ikasungidwa mu git pamodzi ndi code, ndipo pa seva tikamagwiritsa ntchito npm ci m'malo mwa npm install, zimene zili pa laputopu ya mnzathu, pa yathu ndi pa seva zimakhala zofanana ndendende. Yarn, Composer, Bundler ndi Poetry nazonso zili ndi mafayilo awo a mtundu womwewu. Mawu otchuka aja akuti "komatu pa makina anga ikuyenda" kawirikawiri amachokera poti fayilo imeneyi kulibe, kapena anthu awiri ali ndi Node.js yosiyana.

Pali chizolowezi china chimene ndimalimbana nacho kwambiri. Zinthu zikangosokonekera, malangizo oyamba amene munthu amalandira ndi akuti afufute node_modules ndi package-lock.json, ayambirenso. Kufufuta node_modules kulibe vuto kwenikweni, kupatula kuti kwa amene akugwira ntchito ndi bandulo ya pafoni, kutenganso mafayilo a mamegabaiti mazana ndi ndalama, ndipo magetsi kapena netiweki zikathawa pakati pa ntchitoyo amayambiranso. Koma kufufuta package-lock.json ndi nkhani ina. Fayilo imeneyo ndi umboni wokhawo wa mmene zinthu zinalili pamene pulogalamu inkayenda. Ukaifufuta, malaibulale mazana amasintha nthawi imodzi. Vuto likatha, sudziwa chimene chalithetsa. Likapitirira, kapena kukabuka lina, malo oti ufufuze achuluka kuposa poyamba. Chothandiza kwambiri ndi kuyerekeza fayiloyo lero ndi mmene inalili sabata yatha pogwiritsa ntchito git diff, chifukwa nthawi zambiri wolakwa amaonekera pomwepo.

Ngati sizikuoneka, git bisect ilipo. Umaiuza commit imene zinthu zinali bwino ndi imene zaipa, iyo n'kumakupatsa yapakati kuti uyese, kenako yapakati pa theka lotsalalo. Pa ma commit 1,000 pamangofunika kuyesa pafupifupi ka 10.

Kuwerenga uthenga wa vuto ndi luso limene limaoneka laling'ono mpaka utaona mmene anthu amalilumphira. Mizere yofiira ikatuluka, maso amathamangira kukopera mzere woyamba n'kukaufufuza pa intaneti, kapena kuupereka kwa pulogalamu ya AI. Zida zimenezi n'zothandiza, ndipo palibe chifukwa chozikanira, koma yankho limene zimapereka likhoza kukhala la version ya zaka zinayi zapitazo, pomwe uthenga uli pamaso pathuwo ukunena za pulogalamu yathu yeniyeni, lero. Mndandanda wa mizere uja umasonyeza njira imene code inadutsa isanagwe. Ukautsatira mofatsa umapeza mzere womaliza umene uli m'fayilo yako usanalowe mu node_modules, ndipo pamalire amenewo ndi poyambira. Kodi laibulale ndaipatsa chiyani pamenepa? Nanga inkayembekezera chiyani? Mafunso awiriwa amathetsa mavuto ochuluka kuposa mmene anthu amaganizira.

Uthenga umodzi umene anthu amauthawa osauwerenga ndi wa ERESOLVE, umene unayamba kuoneka kwambiri npm 7 itatuluka mu 2020. Tanthauzo lake ndi losavuta: laibulale ina ikunena kuti inapangidwira React 17, pomwe iwe uli ndi React 18. Uthengawo umatchula maina onse awiri ndi manambala ake. Kumapeto kwake umatchulanso --force ndi --legacy-peer-deps, ndipo mawu amenewa ndi amene ambiri amangotola. Kuchita zimenezi osafufuza kuli ngati kumanga waya pamalo pa fyuzi imene yapsa. Magetsi amayakadi, koma chimene chinapsetsa fyuzi chikadali m'khomamo. Nthawi zina kukakamizako kumakhala koyenera, makamaka ngati laibulaleyo imayenda bwino ndi React yatsopano koma mwini wake sanasinthe nambala chabe. Zoterozo zimadziwika powerenga zimene eni ake alemba ndi poyesa, ndipo ukasankha kukakamiza, ndi bwino kugwiritsa ntchito overrides mu package.json pa laibulale imodzi yokhayo, m'malo motseka pakamwa machenjezo onse.

Zotsatira za kukakamiza zimabwera mochedwa ndipo zimavala nkhope ina. Chitsanzo chodziwika ndi uthenga wa React wakuti "Invalid hook call", umene umatha kutuluka ngakhale code ili yolondola, chifukwa choti m'pulojekiti mwalowa makope awiri a React. Munthu akhoza kutha tsiku akusanthula code yake, pomwe lamulo limodzi la npm ls react likanamuonetsa makope awiriwo ndi laibulale imene yabweretsa lachiwirilo.

Komabe tinene chilungamo: nthawi zambiri laibulale imaimbidwa mlandu umene si wake. Vuto la CORS ndi lotero. Anthu amasintha axios n'kuika fetch, kenako n'kubwereranso, koma amene akukana ndi browser, ndipo ikukana chifukwa seva sinatumize chilolezo cha Access-Control-Allow-Origin. Kokonza ndi ku seva.

Vuto la madeti ndi limene ndikufuna tiliyang'ane pafupi, chifukwa limakhudza aliyense wogwira ntchito pa nthawi ya kuno kwathu. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse. Tiyerekeze kuti kalaliki ku Lilongwe wasankha 1 Malichi 2024 pa kakalendala ka pa fomu. Laibulale ya kalendalayo ikupereka tsikulo ngati Date ya JavaScript, ndipo poti Date imasunga tsiku pamodzi ndi nthawi, ikuika 12 koloko usiku, kumayambiriro kwenikweni kwa tsikulo. Potumiza ku seva, JavaScript ikusandutsa nthawiyo kukhala ya UTC, n'kulemba 2024-02-29T22:00:00.000Z. Ku seva wina analemba code yongodula zilembo 10 zoyambirira, poti akufuna tsiku lokha. Mu database mwalowa 29 Febuluwale. Malipiro a pa 1 Malichi awerengedwa m'mwezi watha, lipoti la kumapeto kwa mwezi silikugwirizana ndi malisiti, ndipo amene akufunsidwa mafunso ndi kalaliki uja.

Apa laibulale ya kalendala sinalakwe, JavaScript yachita zimene malamulo ake amanena, ndipo database yasunga zimene yapatsidwa. Cholakwika chili pa ganizo lathu losunga tsiku wamba m'chinthu chimene chinapangidwira kusunga mphindi yeniyeni. Kusintha laibulale sikungathandize, ndipo kuwonjezera maola awiri pamanja kumangosamutsira vutolo kwa wogwiritsa ntchito amene ali kudziko lina. Tsiku lobadwa kapena tsiku la lisiti liyenera kuyenda ngati mawu akuti 2024-03-01 kuchokera pa fomu mpaka mu database, osakhudzana ndi ola lililonse. Chinanso chofunika kuchidziwa n'chakuti munthu wokhala ku London, akayesa zomwezi mu Januwale, saona vuto lililonse, chifukwa nthawi yake pa nyengo imeneyo ndi yofanana ndi UTC. Choncho tikamadandaula kwa eni laibulale osatchula nthawi ya dera lathu, akayankha kuti kwa iwo zikuyenda amakhala akunena zoona.

Zilembo zathu nazo zimaulula zinthu zobisika. Chilembo cha ŵ mulibe mu latin1, imene MySQL inkaika yokha pa matebulo atsopano mpaka version 8.0 itayamba kuika utf8mb4 m'malo mwake mu 2018. Dzina lokhala ndi chilembochi likalowa m'tebulo lakale limakanidwa kapena limasanduka chizindikiro cha funso, ndipo likasungidwa bwino koma n'kuwerengedwa molakwika, pamalo pa ŵ pamaoneka Åµ. Malaibulale opangira PDF nawo amachisokoneza ngati ukugwiritsa ntchito mafonti awo okhazikika monga Helvetica, ndipo mankhwala ake ndi kuikamo fonti imene ili nacho. Kachizindikiro ka mu ng' ndiye kamanena zambiri. Fomu ikakana dzina loyamba ndi Ng', pali lamulo limene wina anakopera loti dzina ndi zilembo zokhazokha. Dzinalo likaoneka ndi ' pakati, ndiye kuti zigawo ziwiri za pulogalamu zikuliyeretsa kawiri. Koma likagwetsa database ndi uthenga wa SQL, imeneyo ndi nkhani yosagona nayo tulo, chifukwa zikusonyeza kuti mawu a wogwiritsa ntchito akulumikizidwa mwachindunji ku lamulo la SQL, ndipo pamene padutsa kachizindikiroko wakuba akhozanso kudutsapo.

Njira yodalirika yodziwira ngati mlandu ndi wa laibulale ndi kupanga kapulojekiti kakang'ono kopanda china chilichonse, kokhala ndi laibulale yokayikitsayo ndi mizere yochepa yoonetsa vutolo. Vuto likapanda kuoneka mmenemo, ndiye kuti lili kwathu, ndipo timawonjezera zidutswa za pulojekiti yaikulu chimodzichimodzi mpaka litatulukira. Likaoneka, tili ndi umboni woti tingautumize kwa eni ake. Ntchitoyi imaoneka ngati yochedwetsa, koma kawirikawiri yankho limapezeka kapulojekitiko kasanathe n'komwe.

Ubwino weniweni wa code yotseguka ndi woti ingawerengedwe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwayi umenewu timausiya. Ambiri amaona node_modules ngati malo oletsedwa. Komatu mmenemo muli mafayilo wamba, olembedwa ndi anthu, ndipo palibe choletsa kutsegula fayilo imene uthenga watchula, kupita pa mzere umene wanenedwa, n'kuikapo console.log kuti uone chimene chikufika pamenepo. Malangizo olembedwa amatha kutsalira m'mbuyo kapena kunena za version ina, pomwe code imene ili pa diski yako ndi imene ikuyendadi. Ngakhale mayeso amene eni laibulale analemba amaphunzitsa bwino kagwiritsidwe ntchito kake kuposa zitsanzo zambiri za pa intaneti.

Zimene anachita Andres Freund mu Malichi 2024 zikusonyeza kumene khalidwe limeneli lingafikitse munthu. Pa nthawiyo Freund anali injiniya wa ku Microsoft amene ankagwira ntchito pa PostgreSQL, ndipo sankafufuza za chitetezo. Ankayesa liwiro la database pa kompyuta yokhala ndi Debian yoyeserera, n'kuona kuti pulogalamu ya sshd ikudya mphamvu ya purosesa kuposa mmene iyenera, ndiponso kulowa kudzera pa SSH kukuchedwa ndi theka la sekondi. Munthu wina akanangoti ndi netiweki. Iye anatsatira kuchedwako mpaka anafika pa liblzma, gawo la xz Utils, laibulale yopanikizira mafayilo imene imapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Mu version 5.6.0 ndi 5.6.1 munali khomo lobisika loti munthu wokhala ndi kiyi yake alowe mu seva n'kuchita zofuna zake. Amene analiika ankadzitchula kuti Jia Tan, ndipo anatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza pa pulojekitiyo mpaka mwini wake, Lasse Collin, anamukhulupirira n'kumupatsa mphamvu zotulutsa ma version. Freund anaulula zimenezi pa 29 Malichi, code yoipayo isanalowe m'ma version okhazikika a Debian, Ubuntu ndi Red Hat Enterprise Linux amene maseva ambiri amagwiritsa ntchito. Chimene ndimachiona pa nkhaniyi n'chakuti njira zake zinali zomwe zija za tsiku ndi tsiku: kuyeza, kufunsa chimene chasintha, kuchepetsa malo okayikitsa, kenako kutsegula n'kuwerenga.

Tsono pali kukokana kumene sindingakubise. Ndanena kuti ma version azimangidwa kuti asasinthe okha, koma kumanga n'kuiwala nako ndi ngozi. Eni ake a laibulale ya Apache Struts anatulutsa chigamba cha bowo lalikulu mu Malichi 2017. Kampani ya Equifax ya ku America sinachiike pa seva ina yofunika, akuba analowa mu Meyi, ndipo anatenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni asanawatulukire kumapeto kwa Julayi. Mu Disembala 2021 kunabwera Log4Shell, bowo la mu Log4j, laibulale ya Java yolembera zochitika za pulogalamu. Linalimo kuyambira 2013, linapatsidwa 10 pa 10 pa muyeso wa kuopsa, ndipo wakuba ankangofunika kutumiza mawu oyamba ndi ${jndi: pamalo alionse amene pulogalamu ingawalembe mu log. Zigamba zinatuluka motsatizana m'mwezi womwewo, 2.15.0, 2.16.0, 2.17.0 ndi 2.17.1. Mabungwe ambiri anataya masiku pa funso loyamba lenilenilo, loti kodi Log4j tili nayo kapena ayi, chifukwa inali itabisala mkati mwa malaibulale ena.

Pakati pa ngozi ziwirizi, ine ndimaima poti kusintha kuzichitika pafupipafupi, pang'onopang'ono ndiponso mwadala. Laibulale imodzi kapena kagulu kogwirizana pa nthawi imodzi, utawerenga kaye mndandanda wa zimene zasintha, ndipo commit yake ikhale payokha kuti ikavuta ibwezedwe mosavuta. Pulojekiti imene yakhala zaka zitatu osakhudzidwa imafuna kulumpha ma version akuluakulu angapo nthawi imodzi, ndipo pamenepo mavuto amapiringizana moti sudziwa loyamba ndi liti. Zida monga npm audit ndi Dependabot zimathandiza kukumbutsa, ngakhale zimachita phokoso kwambiri. Bowo la m'chida chimene chimangoyenda pa laputopu pomanga pulojekiti silifanana ndi la mu laibulale imene imalandira mawu kuchokera kwa anthu a kunja, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya munthu. Lamulo la npm audit fix --force limatha kukweza ma version akuluakulu osafunsa, choncho lisamayendetsedwe Lachisanu madzulo pa pulojekiti imene anthu akuigwiritsa ntchito.

Kuseri kwa malaibulale onsewa kuli anthu, ndipo nthawi zambiri ndi ochepa modabwitsa. Bowo la Heartbleed litadziwika mu Epulo 2014, zinaululika kuti OpenSSL, imene inkateteza gawo lalikulu la mawebusaiti padziko lonse, inkalandira zopereka za madola pafupifupi 2,000 okha pa chaka. Log4j inkasamalidwa ndi anthu ochepa ongodzipereka. Collin ankasamalira xz pa nthawi yake yopuma, osalipidwa, ndipo kutopa kwake ndi kumene Jia Tan anapezerapo mpata. Ziphaso monga MIT ndi Apache zimanena poyera kuti code ikuperekedwa mmene iliri, popanda chitsimikizo chilichonse. Palibe amene ali ndi ngongole yotikonzera vuto pofika Lolemba, ndipo uthenga waukali wofunsa chifukwa chimene sanakonzebe umangofooketsa munthu amene tikumudalira.

Lipoti labwino la vuto ndi thandizo lenileni kwa anthu amenewa, ndipo aliyense angalipereke ngakhale alibe ndalama. Limayamba ndi kufufuza ngati wina sananenepo kale. Kenako limatchula version ya laibulale, ya Node.js kapena browser, mtundu wa kompyuta, chimene unkayembekezera, chimene chachitika, uthenga wonse wa vuto wokopedwa ngati mawu m'malo mwa chithunzi, ndi kapulojekiti kakang'ono kaja. Chingerezi chake sichifunika kukhala chapamwamba. Ukapeza yankho wekha pambuyo pake, bwerera ukalembe, chifukwa wina adzafika pa tsamba lomwelo ali ndi vuto lomwelo. Ngati ntchito singadikire, chida cha patch-package chimalola kukonza mzere wolakwikawo mu node_modules n'kusunga kusinthako mu git, kwinaku ukutumiza chigamba chomwecho kwa eni ake kuti version yotsatira ikhale nacho.

Nthawi zina yankho silibwera chifukwa laibulale inasiyidwa. Request, imene kwa zaka zambiri inali njira yotchuka yotumizira mauthenga a HTTP mu Node.js, eni ake analengeza mu Febuluwale 2020 kuti sadzaikonzanso. Mu Seputembala chaka chomwecho a Moment.js ananena kuti sadzawonjezeranso zatsopano, n'kulozera anthu ku Luxon, Day.js ndi date-fns. Awa anachita bwino kunena, chifukwa ambiri amangosowa mwakachetechete. Zizindikiro zake zimaoneka usanapange install: tsiku limene version yomaliza inatuluka, kuchuluka kwa madandaulo osayankhidwa, ndi ngati woisamalira ali mmodzi yekha. Ndi bwinonso kufunsa ngati chiyankhulocho pachokha sichingathe ntchitoyo, monga mmene fetch inalowera mu Node.js 18 n'kuchepetsa kufunika kwa malaibulale a HTTP pa ntchito wamba. Pomwe laibulale ikufunikadi, ndimalimbikitsa kuti code yathu iziifikira kudzera m'fayilo imodzi imene talemba tokha, mafayilo ena onse n'kumaitana fayilo imeneyo. Tsiku losamuka likadzafika, posintha padzakhala pamodzi, ndipo mayeso a fayilo imodziyo ndi amene adzasonyeze ngati laibulale yatsopano ikuchita zomwe yakale inkachita.